Mizere ya Makala

Bambo anga amaima pakhomo pathu ku Zolozolo
ngati afika kwa eni.
Chitseko n'chotsegula, galu kulibe,
koma mapazi amatirira pa simenti,
zidendene zikunjenjemera, zikupempha chilolezo
kwa wina amene sakuyankha.

Dzanja lamanja silipuma.
Chala chachikulu chimapekesa chamkombaphala,
kuwerenga chenji cha okwera amene anatsika kalekale.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anapalasa kabaza:
Katoto, Chibavi, chitunda cha ku Luwinga,
nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini.
Lero supuni ya phala imafika pakamwa
theka litatsala pa malaya.

A pa mpopi ananena zawo.
Ena ati ndi kachasu wakale akulonjerera ngongole,
chonsecho bambo sanalawepo.
Ena ati anaponda choipa pa mphambano.
A Nyachirwa anangoti, nkhope ija yauma, amatikwiyira.
Sakwiya ayi.
Kumwetulira kulimo,
kwangosowa woti akutsegulire.

Ku chipatala chachikulu a dokotala a Msukwa
anatembenuza kabuku ka odwala, n'kujambula ndi bolopeni
timibulu tingapo pakatikati pa ubongo,
ngati mtedza wokwiririka.
Anati apa m'pamene thupi limasunga zizolowezi:
kumanga nsapato, kuphethira, kugwedeza mikono poyenda,
zonse zimene timachita tikuganiza zina.
Apa pali mlonda wa pageti,
wonena kuti iwe dutsa, iwe dikira.
Mlonda wa bambo anu chakudya chikumuchepera,
ndiye amawodzera geti ili chitsekere.

Dzina la matendawo bambo analemba pa kalendala,
zilembo zikunka zichepa
ngati nyerere zolowa kuuna.

Mapiritsi amadzutsa mlondayo maola anayi.
Mwezi wina ku famase kunalibe,
tinagulitsa wailesi.

Koma a Msukwa anandiuzanso kena:
msewu waukulu ukatsekedwa, pamakhala ya chidule.
Ndimatola khala pa mbaula
n'kulemba mizere pansi, kuchoka kuchipinda mpaka pabwalo.
Lumphani uwu, adada. Tsopano uwu.
Maso akaona mzere, mwendo umanyamuka.
Chimene kale chinkachitika chokha
tsopano timachita kuchiitana ndi dzina,
phazi ndi phazi.
Mayi amadandaula kuti ndadetsa nyumba,
koma akamakolopa amailambalala mizereyo.

Loweruka lija ndinkachapa kuseri.
Ndinamva belu.
Mlongo wanga Vitumbiko, wosamva uja,
anali atawakweza pa njinga yawo yakale,
ati angokhalapo chabe, akumbukire.
Ndinatuluka thovu lili m'mikono
n'kuona msana wa bambo ukutsetsereka ndi msewu wa fumbi,
wowongoka,
mapazi akuzungulira ngati sanadwalepo,
manja ali phee pa handulo.
Anazemba dzenje. Anaimbira belu mayi wosenza nthochi.
Munthu wolephera kudutsa khomo la nyumba yake!

Ndinathamanga, patapata mmodzi n'kutsala m'ngalande.
Sindikudziwa ngati ndinkakuwa kuti imani
kapena pitirizani.

Kumunsi, pafupi ndi chigayo, anagwira buleki,
anatsitsa phazi limodzi, kenako linalo.
Basi.
Nthaka inawagwiranso.
Dzanja linayambiranso kuwerenga chenji chake.

Ndinafika ndili wefuwefu, khala ndilibe.
Anandiyang'ana ndi nkhope ija ya thabwa
n'kunong'ona, mawu ang'ono ngati zilembo zawo:
Temwanani, tcheni chauma, mukachithire oyilo.

Vitumbiko anakankha njinga.
Ine ndinatsogola chobwerera m'mbuyo,
kulemba mzere m'fumbi ndi chala chakuphazi,
wina, winanso,
ana a sukulu ya Sabata akutiyang'ana.
Kuchokera pa chigayo kufika pakhomo pathu
ndi mizere mazana atatu ndi khumi ndi umodzi.
Mvula yowaza inayamba tili pa wa makumi asanu ndi anayi.